ZINTHU ZOSAWOLA: Kuŵerenga Silent Spring ndi Laudato Si' tili ku Mzimba

1. Mau oyamba

Mudzi uliwonse wa kwathu kuno uli ndi dzala. Makolo athu ankataya pamenepo phulusa, zitsononkho, makoko a nyemba, mphasa yothaitha ndi dengu lobooka, ndipo pakapita dzinja limodzi kapena aŵiri, pamalo pomwepo pankayanga maungu, bonongwe namera yekha. Iwo sadalembe buku lofotokoza zimenezi, koma moyo wao wonse udatsamira pa chikhulupiriro chimodzi chosachita kunena: chilichonse chimene munthu wataya, nthaka idzachilandira niichisandutsa chakudya. Lero chikhulupiriro chimenechi sichoonanso. M'zaka za m'ma 1900 anthu adaphunzira kupanga zinthu zimene chiswe sichidya, dzuŵa silipsereza, ndipo nthaka siizizindikira. Zina mwa izo ndi poizoni.

Pali zolembedwa ziŵiri zimene munthu aliyense wofuna kulankhula za nkhaniyi amazitchula. Choyamba ndi buku la Rachel Carson, Silent Spring, la m'chaka cha 1962. Chachiŵiri ndi kalata ya malemu Papa Francis, Laudato Si', ya m'chaka cha 2015. Cholinga changa pano ndi kuziyesa ziŵirizi pa muyeso umodzi: kodi zimene zikunena n'zokwanira kwa mlimi wa matimati wa pa Jenda, kwa mai wogulitsa zitumbuwa pa boma la Mzimba, kwa mwini ng'ombe wa ku Embangweni? Yankho langa ndi lakuti zolembedwa zonse ziŵiri zidamudziŵa bwino poizoniyo, koma munthu amene wagwira botolo kuno kwathu sizidamuone bwino. Ndipo wansembe amene adzangozibwereza pa guwa osaziyesa, adzadzudzula anthu pa tchimo limene sadachite, nasiya osatchula tchimo lenileni.

2. Chimene Rachel Carson adaona

Mankhwala otchedwa DDT adapangidwa koyamba mu 1874 ndi wophunzira wina dzina lake Othmar Zeidler, koma mphamvu yake yopha tizilombo adaitulukira ndi Paul Müller wa ku Switzerland mu 1939. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse ufa umenewu udapha nsabwe ndi udzudzu, nupulumutsa anthu ochuluka ku matenda, kotero kuti mu 1948 Müller adalandira mphotho ya Nobel ya zachipatala. Chimene anthu ankamutamira kwambiri DDT ndi chomwechi chimene tikumuopera lero: ukathira kamodzi, amakhala nthaŵi yaitali asanathe mphamvu.

Rachel Carson anali katswiri wa zamoyo za m'nyanja, ndipo adagwirapo ntchito m'boma la America. Dzina la buku lake likutanthauza nyengo ya mphukira imene mbalame sizikuliranso. Mwa nkhani zambiri zimene adasonkhanitsa, imodzi ikwanira kuti timvetse mfundo yake. Pa nyanja ya Clear Lake ku California panali tizilombo touluka tofanana ndi nkhungu za pa nyanja yathu, ndipo tinkasautsa alendo. Mu 1949, 1954 ndi 1957 adathiramo DDD, mbale wake wa DDT, pa muyeso wochepa zedi, ngati gawo limodzi pa magawo 50 miliyoni a madzi. Patapita nthaŵi mbalame zodya nsomba zidayamba kufa, ndipo m'mafuta a matupi ao mudapezeka mankhwalawo oŵirikiza mpaka ka 80,000 kuposa m'madzi.

Zidatheka bwanji? Mankhwala a mtundu umenewu sasungunuka m'madzi koma m'mafuta, ndipo thupi silitha kuŵatulutsa msanga. Kachilombo ka m'madzi kamamwa pang'ono. Kansomba kamadya tizilombo zikwi nikasunga poizoni wa tonse. Nsomba yaikulu imadya tinsomba mazana. Mbalame imadya nsomba zazikulu. Wodya aliyense amalandira choloŵa cha onse amene adaŵadya. M'nthaka, DDT amatenga zaka pakati pa 2 ndi 15 kuti theka lake lokha lithe, ndipo akamaphwanyika amasanduka DDE, amene ngwokhalitsa koposa. Pamwamba pa makwerero onseŵa pali munthu, ndipo pamwamba pa munthu wamkulu pali khanda loyamwa, pakuti mkaka wa m'maŵere uli ndi mafuta.

Pa mfundo imeneyi Carson adalasa, ndipo umboni udapezeka ngakhale m'chigawo chathu chino. Ku nyanja ya Kariba, kumene DDT adagwiritsidwa ntchito polimbana ndi kashembe ndi udzudzu, akatswiri adapeza kuti mazira a nkhwazi, mbalame yomwe ija ili pa chizindikiro cha dziko lathu, anali ndi zikamba zopyapyala. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2001 ndi Karen Kidd ndi anzake adaonetsa kuti m'nyanja ya Malaŵi namonso DDT alimo, wochepa ndithu, koma wonka nachuluka kuchokera ku tizilombo mpaka ku nsomba zazikulu zodya zinzake. Ku Limpopo ndi ku KwaZulu-Natal, m'midzi imene makoma a nyumba ankapoperedwa DDT, adampeza mu mkaka wa amai oyamwitsa. Mu 2015 bungwe la World Health Organization lofufuza za khansa lidaika DDT m'gulu la zinthu zimene mwachidziŵikire zingathe kuyambitsa khansa.

Munthu wa ku Mzimba asaganize kuti za m'nyanja n'za atonga okha. Mtsinje wa South Rukuru umayambira kumwera kwa boma lino, umalandira madzi a mtsinje wa Mzimba ochokera ku Viphya, nuyenda chakumpoto kudzera ku Rumphi mpaka kukathira m'nyanja. Ndipo nyanja yathu ili ngati mtsuko wa kukamwa kochepa: madzi ake ambiri amachoka ngati nthunzi, ochepa okha ndiwo amatuluka pa Shire. Chimene chaloŵamo chimakhalitsa. Tsono usipa ndi kampango zimakwera pa galimoto kubwerera ku msika wa pa Mzimba, ndipo chimene tidatumiza ndi mtsinje chimatipeza m'mbale.

3. Pamene bukuli lipereŵera

Komabe buku lililonse lili ndi kwao. Carson ankalembera dziko limene lidathetsa malungo mu 1951, dziko limene vuto lake pa ulimi silinali njala koma zokolola zosefukira. Munthu amene iye ankamuona m'maganizo polemba anali mwini nyumba ya kapinga wometa bwino, amene wadzuka m'maŵa nadabwa kuti mbalame zili zii. Munthu wotere akaleka kupopera, sataya kanthu. Mlimi wa ku Champhira ali pena. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 nankafumbwe wamkulu adaloŵa m'dziko muno kuchokera ku Tanzania, nayamba kusandutsa nkhokwe yathunthu kukhala fumbi. Mu 2016 kudafika kambozi kotchedwa Tuta absoluta koononga matimati, amene ndiwo moyo wa pa Jenda. Mu Disembala 2017, chifukwa cha mbozi zachilendo zodya chimanga, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti m'maboma 20 mwa 28 mwagwa tsoka. Kwa munthu amene waona zotere, botolo la mankhwala ndi fizi ya mwana ndiponso nsima ya mwezi wa Febuluwale. Bukuli silimpatsa munthu wanjala sikelo yoyezera.

Pano tiyenera kuchita chilungamo. Alipo ena amene amanena kuti Carson adapha ana a mu Africa ndi malungo poletsetsa DDT. Kumeneko n'kumunamizira. Iye sadapemphe kuti mankhwala onse ophera tizilombo aletsedwe. Adadzudzula kuthira mosasamala, ndipo adachenjeza kuti udzudzu wopoperedwa kosalekeza udzazoloŵera mankhwalawo, monga zidachitikadi m'maiko ambiri. Chiletso cha ku America cha mu 1972 chinali cha m'dziko lomwelo. Pangano la maiko la ku Stockholm, losainidwa mu 2001 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2004, limene Malaŵi adalivomera mu 2009, lidatchula mankhwala 12 okhalitsa, monga aldrin, dieldrin, chlordane, toxaphene ndi PCB, koma DDT lidamsiyira khomo limodzi lotsekula: kulimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda. Zambia ndi Mozambique adadzera pa khomo limeneli m'zaka za m'ma 2000. Cholakwa cha bukuli sichakuti lidanama. N'chakuti funso loŵaŵa koposa, la kusankha pakati pa mwana wodwala lero ndi mdzukulu wosabadwa, silidali funso la kwao.

Kupereŵera kwachiŵiri n'kwakuti Carson adakhulupirira kuti anthu akadziŵa, boma lidzamva, ndipo vuto lidzatha. Kwao zidaterodi, ngakhale mwini wake sadazione, poti adamwalira ndi khansa mu 1964. Koma makampani a ku America adapitiriza kupanga DDT wogulitsa kunja kwa zaka zina chiletso chija chitachitika. Chimene chidakanidwa pa khomo la wolemera chidakagogoda pa khomo la wosauka. Kuno kwathu, kumene alimi a thonje ankapopera DDT m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, mankhwala otha ntchito okwana matani mazana angapo adapezeka ataunjikana m'nyumba zosungiramo katundu, ndipo ena adachita kutumizidwa kunja kuti akatenthedwe m'ng'anjo zapadera.

Chachitatu ndi chenjezo kwa oŵerenga. Mankhwala ambiri amene ali m'masitolo a zaulimi lero sali okhalitsa ngati DDT. Ambiri amatha mphamvu m'masiku kapena m'masabata, koma ena mwa iwo amapha msanga; dzina la temiki likudziŵika m'midzi yathu chifukwa cha maliro. Mitundu iŵiriyi tisaisokoneze. Poizoni wamsanga amagwira wopopera ndi wodya ndiwo zothyoledwa masiku oyembekeza asanakwane. Poizoni wokhalitsa amamlambalala wopoperayo, nakagwira munthu wakutali amene sadafunsidwe.

4. Kalata ya Papa ndi anthu osataya

Laudato Si' idasainidwa pa 24 Meyi 2015. Ndime 20 mpaka 22 ndizo zikukamba za nkhani yathu. Papa akutchula utsi, feteleza, mankhwala ophera tizilombo ndi udzu. Akutchula kuunjikana kwa poizoni m'matupi a anthu ngakhale pamene m'malo mozungulira ali wochepa, ndiye mfundo ya Carson ija italoŵa m'chiphunzitso cha Eklezia. Mu ndime 22 akuyerekeza chilengedwe, m'mene chotsala cha wina chimakhala chakudya cha wina, ndi mafakitale athu amene sadaphunzire kulandiranso zotsala zao. Mu ndime 51 akunena za ngongole imene maiko olemera ali nayo kwa osauka pa zachilengedwe, ndipo kuyambira ndime 159 akunena za chilungamo pakati pa mibadwo. Apa kalatayi yapitirira Carson, pakuti yaona wosauka, yaonanso wosabadwa.

Koma mau amene adatchuka koposa m'kalatayi, amene amamveka m'maulaliki ndi m'misonkhano ya achinyamata, ndi aja odzudzula chikhalidwe cha kugwiritsa ntchito ndi kutaya. Mauŵa akukwana bwino ku Rome ndi ku Johannesburg. Nanga ku Mabulabo? Munthu wa kumudzi sataya kanthu. Thumba la feteleza limasanduka la chimanga, likang'ambika lifolera chimbudzi. Neti yotetezera udzudzu ikabooka imatchinga dimba. Jumbo imakulunga chipisi chotentha, imavundikira mbatata mu mphika, ndipo pomaliza imakolezera makala pa mbaula. Botolo la mankhwala a mbeu, poti ndi lolimba ndipo lili ndi chitsekero chabwino, amalitsuka nasungiramo mchere, mafuta ophikira kapena mkaka. Mafuta a m'matiransifoma a magetsi, amene m'zipangizo zakale amatha kukhala ndi PCB, amabedwa, ndipo mbiri imamveka yakuti ena amakazingira chakudya chogulitsa. Choncho njira imene poizoni amadzera kuno si kutaya ai, koma kusunga. Khalidwe labwino la kusamala zinthu, limene umphaŵi udatiphunzitsa ndipo makolo adalitama, ndilo lasanduka khomo la matenda.

Chimodzimodzinso ukhondo. Mai wosamala amasesa pabwalo m'maŵa, naunjika zinyalala, nazitentha, monga adamphunzitsira a zaumoyo ndi asisitere omwe. Kale utsi umenewo unali wa masamba. Lero mulu womwewo uli ndi mapulasitiki, ndipo moto wozizira wa pa dzala, makamaka pakakhala pulasitiki wokhala ndi chlorine, umabala dioxin ndi furan, aŵiri mwa 12 aja a pangano la ku Stockholm. Palibe amene amaŵapanga dala. Amagwera pa nthaka, nkhuku zimatola, naloŵa m'mazira.

Papa sadaloze chala anthu otereŵa. Kalata yake ikuika mlandu waukulu pa olemera. Koma mau akachoka m'buku ndi kufika pa guwa amafupika, ndipo chotsala chimakhala chakuti: musataye zinyalala. Akhristu amavomera, poti n'zimene akuchita kale.

Palinso chinthu china chimene kalata yolembedwa ku Ulaya siikadatha kuchiona, ndicho chilankhulo. M'Chicheŵa timati mankhwala, m'Chitumbuka munkhwala, ndipo liu limodzi lomweli likunyamula za kuchipatala, za kwa sing'anga, za m'munda ndi za makoswe. Agriki akale nawonso anali ndi liu limodzi, pharmakon, lotanthauza chochiza ndi chakupha. Koma m'makutu mwathu liuli limapendekera ku machiritso. Mlimi akamva kuti matimati afuna mankhwala, amaganiza ngati za mwana wodwala: kuonjezako pang'ono n'chikondi. Lamulo la mankhwala ophera tizilombo la m'chaka cha 2000 lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, ndipo limafuna kuti mankhwala alembetsedwe ndi kukhala ndi chizindikiro. Koma malangizo a pa botolo kaŵirikaŵiri ali m'Chingerezi, ndipo pa misika mankhwala amapunguliridwa m'timabotolo ndi m'timapepala topanda dzina. Jenda ali pa malire enieni ndi Zambia, ndipo katundu saona mzere wa pa mapu.

Nkhani ya mapulasitiki opyapyala ikuonetsa kumene mfundo yagona. Mu 2015 boma lidaletsa mapulasitiki osafika mamaikuloni 60. Makampani opanga adathamangira ku khoti. Khoti lalikulu la apilo lidagamula mokomera chiletsocho mu Julayi 2019, koma ziletso zina za makhoti zidatsatira, mpaka kumayambiriro a 2025 pamene njira idatsekukanso yakuti lamulo ligwire ntchito. Zaka khumi zidathera m'makhoti. Mai Gloria Majiga-Kamoto, amene adalandira mphotho ya Goldman mu 2021 chifukwa cha nkhondo imeneyi, adaiyamba ataona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo m'mimba. Ku Mponela kudapezeka kuti ziŵeto 40 pa 100 zilizonse zophedwa zinali zitameza pulasitiki. Kwa angoni a kwa M'mbelwa, amene ng'ombe ndiyo banki yao ndi malowolo ao, chiŵerengero chotere si nkhani ya kutali. Tsono taonani kusiyana kwake. Belo la fodya likapezeka ndi kachidutswa ka pulasitiki pa okushoni ya ku Mzuzu limabwezedwa tsiku lomwelo, ndipo ogula akunja amayeza tsamba kuti aone mankhwala otsalira. Chopita kwa wolemera chili ndi mlonda. Kabichi wa pa Jenda, chifu cha mbuzi ndi bere la mai, mlonda wake ndani?

5. Choipa chitsata yani?

Ife amene tidaphunzira filosofi tikukumbuka buku la Aristotle lonena za kubadwa ndi kuonongeka kwa zinthu. Mfundo yake ndi yakuti pansi pano kuonongeka kwa chinthu chimodzi ndiko kubadwa kwa china. Tidazoloŵera kuona kuwola ngati temberero, ndi kusawola ngati chiyembekezo chathu, ndipo pa za mzimu n'zoona. Koma pakati pa zolengedwa zooneka, kuwola ndi chifundo. Ndiko kumene kumachititsa kuti dziko likhululukire mbadwo uliwonse zotsala zake, mbadwo wotsatira nuyamba pa nthaka yoyera. Phulusa la pa Lachitatu la Phulusa limatikumbutsa kuti ifenso tili m'gulu la zobwerera ku dothi. Tsono munthu, amene mwini wake ngwofa, wapanga zinthu zokana kufa.

Chitsanzo chomaliza ndi gulu la mankhwala otchedwa PFAS, amene Carson sadaŵalembe. Amaikidwa pa mapoto osamatirira, pa zovala zosaloŵa madzi, pa mapepala okulungira chakudya ndi m'thovu lozimitsira moto. Mphamvu yao ili pa kulumikizana kwa carbon ndi fluorine, kumene zamoyo za m'nthaka zimalephera kukumasula. Pangano la ku Stockholm lidaonjezera PFOS mu 2009 ndi PFOA mu 2019, ndipo mu 2023 bungwe lofufuza za khansa lija lidagamula kuti PFOA amayambitsadi khansa. Mu 2022 akatswiri a pa yunivesite ya Stockholm adaonetsa kuti mankhwala a gulu limeneli akupezeka m'madzi a mvula ngakhale ku Antarctica ndi ku mapiri a Tibet. Mvula ya pa Viphya siichokera ku thambo lina. Apa palibe dzala limene tinganene kuti mlimi adatayapo kanthu.

Akuluakulu adati choipa chitsata mwini. Mwambi umenewu ndiwo maziko a chilungamo cha pa bwalo la mfumu: wolakwa amadziŵika, wolakwiridwa amadziŵika, ndipo mbuzi ikaperekedwa mlandu watha. Maphunziro athu a m'seminale nawonso adamangidwa pa maziko ofanana. Pa mchitidwe wa zotsatira ziŵiri, umene mizu yake ili m'zolemba za Thomas Aquinas Woyera, timaphunzitsa kuti munthu angathe kuchita chinthu chobala chabwino ndi choipa pamodzi ngati chochitacho sichoipa pachokha, ngati cholinga chake n'chabwino, ngati choipacho sichili njira yofikira pa chabwino, ndiponso ngati pali chifukwa cholingana ndi kukula kwa choipacho. Mfundo yachinayi ikufuna kuti woyeza aziona mbale zonse ziŵiri za sikelo. Nanga mbale imodzi ikakhala ku Nkhata Bay, kapena zaka 40 kutsogolo? Wafilosofi Hans Jonas, m'buku lake la mu 1979 lonena za udindo, adaonetsa kuti malamulo akale a khalidwe anali a anthu oyandikana pa malo ndi pa nthaŵi, ndipo kuti mphamvu zatsopano za munthu zafika patali kuposa pamene chikumbumtima chake chidazoloŵera kufika. Poizoni wokhalitsa satsata mwini. Amatsata mtsinje, mphepo ndi mkaka.

Sindikunena kuti mfundo zakalezo zitayidwe. Zikagwiritsidwa ntchito moona mtima zimatipatsa mayankho aŵiri. Loyamba: pamene moyo wa munthu uli pa ngozi yeniyeni ndipo njira ina palibe, monga kupopera pang'ono m'makoma pa mliri wa malungo, chifukwa cholingana chingathe kupezeka, koma kumwaza poizoni wosawola m'minda kapena kumuika pa poto kuti dzira lisamatirire, chifukwa chotere palibe. Apa ndikuona kuti pangano la ku Stockholm lidaweruza bwino. Lachiŵiri: mlandu umakula molingana ndi kudziŵa ndi ufulu wa wochita. Wopanga amadziŵa zonse ndipo ali ndi ufulu wonse. Wololeza ndi wogulitsa amadziŵa zambiri. Mai wosungira mchere m'botolo sadziŵa kanthu ndipo alibe botolo lina. Papa John Paul II, mu Sollicitudo Rei Socialis ya mu 1987, adaphunzitsa kuti machimo a anthu amatha kumangika m'kayendetsedwe ka zinthu mpaka kukola ngakhale osalakwa. Ulaliki umene uyambira pa maiyo wayambira ku mchira.

Ndipo pali chiphunzitso china chakale chimene zolembedwa ziŵirizi sizidachigwiritse ntchito mokwanira, ndicho cha kubweza. Tonse timadziŵa kuti wakuba sangomva chisoni, ayenera kubweza. Woononga mbiri ya mnzake ayenera kuikonza. Chimodzimodzi, amene wapanga ndi kugulitsa chinthu chimene nthaka siingathe kuchilandira, chinthucho chikadali chake ngakhale ndalama walandira. Galimoto imene idabweretsa botolo lodzaza ku Jenda ili ndi ngongole yolitenganso lopanda kanthu. Ichi si chifundo chimene tikupempha kwa makampani, koma chilungamo wamba, chomwe chija timafunsa mwana wa katekisimu amene waba nkhuku.

6. Mau otsiriza

Kodi tsono wansembe wa pa parishi achitenji? Poyamba akonze pakhomo pake. Maparishi athu ali ndi minda, sukulu ndi zipatala. Tifunse kuti mabotolo a mankhwala a m'munda wa parishi amathera kuti, ndipo zinyalala za pulasitiki za pa chipatala zimatenthedwa motani ndiponso pafupi ndi yani. Kachiŵiri, tithandize anthu kulekanitsa mau. Za m'munda tizizitchula dzina lake, poizoni, ndipo m'miphakati tiphunzitse zinthu zochepa zomveka: botolo la poizoni litsukidwe katatu, madziwo athiridwe m'chopopera, libooledwe kuti lisasungirenso chakudya, pulasitiki asakolezere moto wophikira, asavundikire mphika, masiku oyembekeza asanathyole ndiwo asungidwe ngati lamulo la chikondi kwa wogula amene sitimdziŵa. Kachitatu, tilemekeze nzeru zimene anthu ali nazo kale. Alimi a ku Champhira akhala akugwiritsa ntchito mtetezga, umene ena amati ombwe, pophera tizilombo. Nawonso ndi poizoni, ndipo umapha nsomba ukaloŵa m'madzi, koma dzuŵa limauthetsa mphamvu m'masiku ochepa. Matumba otsekeka osaloŵa mpweya amasunga chimanga popanda ufa wa mankhwala. Dengu ndi lichero sizidaphepo mbuzi.

Koma chachikulu n'chakuti tisalekere pa mlimi. Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere, limodzi ndi mafumu, abusa a mipingo ina ndi makhansala, lili ndi mau oti linene kwa ogulitsa ndi kwa boma: malangizo alembedwe m'Chitumbuka ndi m'Chicheŵa, pakhale malo obwezerako mabotolo pa misika ikuluikulu, lamulo la mapulasitiki ligwire wopanga lisanagwire mai wa zitumbuwa, ndipo chakudya cha pa msika wathu chiziyezedwa monga amayezera fodya wopita kunja.

Zolembedwa ziŵirizi ziyenera kupezeka m'laibulale ya seminale iliyonse, ndipo ziŵerengedwe pamodzi. Carson atiphunzitse kuona njira imene poizoni amayenda. Papa Francis atiphunzitse kufunsa amene akulipira. Chotsala, ndiye kumasulira zimenezi kwa anthu amene sataya kanthu, n'chathu, ndipo palibe wa ku Washington kapena ku Rome amene angatichitire. Inu abale amene mukukonzekera unsembe mudzabatiza ana amene m'matupi mwao muli kale zinthu zopangidwa agogo ao asanabadwe. Mukamadzaphunzitsa lamulo lachisanu, mudzakumbukire kuti masiku ano munthu angathe kupweteka mnzake amene sadzamuona konse, ndipo kuti wosaonekayo nayenso ndi mnansi.